A Besayi ndi Minda Yawo ya Mpesa

Mukaima pachitsime cha mudzi wathu wa Eni-Tena n'kuyang'ana kumadzulo, phiri lonse mukulionalo ndi mpesa wokhawokha, kuyambira kutsinde mpaka pamwamba. Alendo akafika amafunsa kuti mwini wake ankakonda vinyo motani. Ine ndimawauza kuti mwini wake anali alamu anga a Besayi, amuna a mlongo wanga Azuba, ndipo vinyo sankamwa. Akangolawa pang'ono, mutu unkawapweteka masiku awiri. Mphesa zenizenizo zinkawatsegula m'mimba. Anabzala phiri lonse chifukwa choopa nkhondo, ngakhale kuti kwa zaka zambiri mawu amenewa tinkangonong'onezana.

Lipenga la mfumu likalira, amuna tonse a zaka makumi awiri kupita m'tsogolo timakasonkhana padwale lopunthira tirigu. Wansembe amayamba ndi mawu olimbitsa mtima, kenako kapitawo amafunsa mafunso ake anayi aja. Amene wamanga nyumba koma sanailowe abwerere kwawo. Amene wabzala mpesa koma sanadye zipatso zake abwerere. Amene watomera mkazi koma sanamutenge abwerere. Pomaliza amafunsa ngati alipo wamantha, kuti nayenso abwerere asanasungunule mitima ya anzake. Pa funso lomalizali aliyense amayang'ana zala za kumapazi kwake. Ine ndapitako kunkhondo kangapo, khutu langa lamanzere linatsala ku Edomu, ndipo ndikuuzeni zoona, tonse pamenepo timakhala tikunjenjemera. Koma kuti utuluke pamzere anzako akuona, akazi ataima chapatali ndi mitsuko yawo, n'kunena ndi pakamwa pako kuti ndiwe wamantha, munthu amaona kuti bola mkondo.

A Besayi sankafuna mkondo, ndipo manyazi sankawafunanso. Ndiye anakhala moyo wawo wonse pakati pa mafunso atatu oyambawo.

Ulendo woyamba anapulumukira mlongo wanga. Mphekesera za nkhondo zinafika m'mudzi m'mawa, madzulo ake a Besayi anali kale pakhomo pathu ndi amalume awo kudzafunsira. Mpaka lero Azuba amati sadziwa ngati athokoze nkhope yake kapena athokoze Aedomu. Chitomero chimenecho anachikoka zaka ziwiri, lero akuti mbuzi ya chiwongo yadwala, mawa akuti alota maloto oipa, mpaka bambo athu anawauza kuti akapanda kumutenga mwanayo amupereka kwa wina.

Atakwatira anamanga nyumba. Inali nyumba yabwino ya miyala yosema, denga lake losadontha, chitseko chake chamtengo wa mkungudza. Itatha, a Besayi anaitseka n'kukakhala ndi mkazi wawo m'khumbi la mbuzi pambali pake. Ankati dothi lapansi silinaume. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukata, dothi losauma. Tsiku lina ali kumunda, Azuba ananyamula mphero yake, n'kukankha chitseko chija ndi phazi, n'kusonkha moto, n'kuphika mkate. A Besayi pobwera anaona utsi ukutuluka padenga ndipo anakhala pansi pomwepo panjira.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndalowa m'nyumba yanga."

"Simunandifunse."

"Ndinafunsa mbuzi. Zati zatopa nafe."

Apa mpamene alamu anga anatulukira mpesa. Nyumba ukailowa zatha, mkazi ukamutenga zatha, koma mpesa ndi wodekha. Zaka zitatu zoyamba zipatso zake sizikhudzidwa. Za chaka chachinayi ndi za Mulungu, umapita nazo ku Yerusalemu. Kenako mpamene umati mundawo waudya. Choncho kamunda kamodzi kankawasunga a Besayi zaka zinayi, ndipo kasanafike pokhwima iwo ankakhala atayamba kale kuzula miyala pamwamba pake kukonza kena.

Koma padwale sankajomba. Ankafika woyamba kuposa tonse, atanyamula mkondo wa malemu bambo awo, umene ankaupukuta ndi mafuta a azitona mpaka unkathobwa m'maso. Kumutu chipewa chachikopa, m'chiuno lamba wothina. Ankayendayenda kutsogolo kwa mzere akutilangiza ife kagwiridwe ka chishango. Wansembe akamalankhula, iwo ndi amene ankavomera mokweza kuposa aliyense. Ndiye kapitawo akafika pa funso lachiwiri, munkaona alamu anga akugwira kumutu ngati alandira uthenga wa maliro.

"Akapitawo, funso limenelo mulidumphe chaka chino."

"Silidumphika."

"Ndiye muchite ngati simunandione. Ndibisala kumbuyo kwa alamu angawa."

"A Besayi, mwabzalanso?"

"Timitengo tingapo chabe. Ndi mayi a kunyumba amandikakamiza, ine mtima wanga uli kunkhondo."

"Tulukani pamzere."

Ankatuluka pang'onopang'ono akupukusa mutu, akucheukacheuka, mkondo akuukoka pansi. Ulendo wina anachita kupempha amuna awiri kuti awagwire, poti mwina angathamangire ku Edomu okha. Amunawo anawagwira ndi chala chimodzi aliyense, ndipo zinakwanira.

Ine zimenezi zinkandipsetsa mtima, sindikubisirani. Koma ndikayang'ana mmene munthuyo ankavutikira paphiri paja, mkwiyo unkandithera. Munda wawo wa tirigu wa m'chigwa, munda wachonde umene munthu ukanangomwazamo mbewu n'kukagona, anasinthanitsa ndi phiri la miyala. Mwala uliwonse anauzula ndi manja, n'kuusenza, n'kumangira mipanda yotchinga dothi. Anasema mopondera mphesa m'thanthwe. Anamanga nsanja yolonderapo nkhandwe, ngakhale wolondera weniweni anali Azuba, chifukwa nkhandwe nazo ankaziopa. Zikhadabo zawo zinatha, msana unapindika asanakalambe, khungu linada ngati mphika.

Tsiku lina ndinawapeza akulimbana ndi chimwala chofika m'chiuno, thukuta lili kamukamu.

"Alamu," ndinatero, "nkhondo imatha miyezi itatu munthu n'kubwerako. Inu mwamenyana ndi phiri ili zaka makumi awiri."

"Phiri silithamangitsa munthu," anayankha. Kenako anazindikira zimene anena, ndipo anakhosomola. "Ndikutanthauza kuti ndimakonda mpesa."

"Ndiye idyani imodzi ndione."

Anayang'ana tsango limene ndinawapatsa, n'kuti adya kale.

Chodabwitsa n'chakuti mpesa wawo unkabereka kuposa wa aliyense. Munthu amene akudziwa kuti mitengo yake ikauma apita kunkhondo amaisamalira mwanjira ina. Ankaidulira nthawi yake, ankaitsirira ndi mtsuko chilimwe chikakula, ankayankhula nayo. Amalonda ankachokera ku Hebroni kudzatenga vinyo wa munthu amene sanadziwepo kukoma kwake.

M'mudzi monse tinkadziwa chimene chinkabzalitsa alamu anga, kupatula munthu mmodzi. Ameneyo anali Asareli, mwana wawo. Azuba anabereka ana anayi, ndipo amene anakula ndi yekhayu. Mwanayu anakulira m'mizere ya mpesa akumva zimene bambo ake akadawachita Aedomu chikhala kuti lamulo silinawamange manja. A Besayi ankatenga mtengo wochirikizira mpesa n'kumuonetsa mmene akadabayira uyu, n'kutembenuka, n'kubaya uyo, wachitatu n'kuthawa yekha. Mwana ankamvetsera pakamwa pali yasa. Akafunsa chifukwa chimene amangobzalabzala, ankamuuza kuti ndi mayi ake.

Asareli ali wamng'ono anandiyang'ana tsiku lina mondimvera chisoni.

"Amalume, bambo akuti akadakhalapo, khutu lanulo bwenzi mukadali nalo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zonse, koma Azuba anandiponda phazi.

"Achimwene, m'siyeni mwana akhale ndi bambo wake," anandinong'oneza, ndipo anachita kusankha khutu labwinolo.

Ndinamusiya. Mwana uja anakula n'kukhala chimnyamata chachitali, cha mapewa otakata chifukwa chosenza miyala, ndipo mantha a bambo ake sanatengeko ngakhale pang'ono. Ankaponya gulaye n'kugwetsa nkhuyu imene waloza. Ankawerenga zaka kuti lipenga lidzamupeze liti. Mtima wake wonse unali woti adzanyamule mkondo uja n'kukaumwetsa zimene bambo ake anamanidwa.

Chaka chimene Asareli anakwanitsa zaka makumi awiri, mvula isanakate, tinamva kuti Aedomu awotcha midzi ya kummwera ndipo mfumu idzaitana anthu dzinja likatha. Tsiku lomwelo a Besayi anabwera kwathu. Mkazi wanga anawapatsa mphodza, iwo ankangozitakasa ndi mkate osadya.

"Alamu, mwana uja akufuna kupita."

"Munamuphunzitsa ndinu."

"Ndinkangocheza naye."

"Zaka makumi awiri?"

Mkate uja unawapulumuka n'kugwera m'mbale. Aka kanali koyamba kuwaona akuopera munthu wina, ndipo ndinawamvera chisoni.

Anayesa za ukwati poyamba. Anayenda mudzi wonse kuyang'ana atsikana, mpaka amayi ena anayamba kubisa ana awo poganiza kuti a Besayi akufuna mitala. Asareli anakana onse. Anati adzakwatira akabwerako kunkhondo, kuti mkaziyo adzapeze mwamuna wa dzina. Za nyumba nthawi inali itachepa. Panatsala mpesa, koma phiri linali litadzaza. Malo okha opanda mpesa anali thanthwe la pamwamba penipeni, pamene ngakhale mbuzi zinkangodutsapo.

A Besayi anaganiza zopititsa dothi pathanthwepo. Anayamba kulituta m'chigwa ndi madengu, kukweza pabulu. Patapita masiku bulu anagona pansi pakati pa njira n'kukana kudzuka, ndipo amene anamuona akuti ankayang'ana mwini wake ngati akufuna kumufunsa kanthu. Alamu anga anamasula madengu aja n'kusenza okha. Mudzi wonse unkaonerera munthu akukweza chigwa paphiri.

Dothi litakwanira, tsiku lobzala, msana wa a Besayi unagwidwa mwadzidzidzi. Anagona pansi pa mkuyu akubuula, n'kumuuza Asareli kuti atenge timitengo ta mpesa abzale yekha. Ine anali atandiitana m'mawa kuti ndidzawaone matenda. Anaitananso m'busa amene ankadutsa, ndi mayi wina wotola nkhuni.

"Alamu, mukuona amene akubzala?"

"Ndikuona."

"Ndi ndani?"

"Ndi Asareli."

"Nenani mokweza, mayi awa amve. Inu abusa, manja amene ali m'dothiwo ndi a ndani? Ine ndagwirako? Ine ndili gone pano, munthu wodwala."

Kamtengo komaliza katalowa pansi, msana unapola. Anatsika phiri patsogolo pa tonse akuimba mluzu.

Lipenga linalira balere atayamba kucha. Padwale a Besayi anafika woyamba monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo sanatilangize za chishango. Asareli anaima pamzere chifuwa chili patsogolo, pambali pa mnzake Paliti, mwana wa woumba mbiya. Paliti anavala mkanjo watsopano wa mpendero wofiira umene mayi ake anamulukira, ndipo anyamata awiriwo ankagundana zigongono ndi chisangalalo. Kapitawo anali yemwe uja wa kale, tsitsi litayera, munthu amene anakalamba akutulutsa alamu anga pamzere.

Funso la nyumba linatulutsa anthu awiri. Pa funso la mpesa kapitawo sanadikire n'komwe.

"A Besayi, tulukani."

"Ayi, chaka chino si ine. Wabzala ndi mwanayu. Mboni zilipo."

Asareli anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake, kenako anamwetulira ngati munthu amene wamvetsa zonse.

"Akapitawo, bambo akufuna kundinamiza kuti apite okha. Munda ndi wawo. Thanthwe ndi lawo, dothi anasenza ndi iwo, timitengo anadula ndi iwo. Ine ndinangozika pamene ankaloza."

"Wozika ndiye wobzala," anatero a Besayi.

"Ndiye bulu nayenso abwerere, poti anasenzako dothi," anatero Paliti, ndipo mzere wonse unaseka.

Kapitawo anafunsa wansembe. Wansembe anakanda ndevu n'kunena kuti chiyambire ntchito yake sanaonepo anthu awiri akukanirana munda. Anafunsa kuti zipatso zikadzacha zidzalowa m'nyumba ya ndani. Asareli anati ya bambo ake, poti iye alibe nyumba. Mlandu unathera pomwepo.

"Bambo, musadandaule," anatero mnyamatayo, akutenga mkondo uja m'manja mwawo mwaulemu. "Mwaudikiritsa kokwanira. Ndikaugwiritsa ntchito m'dzina lanu."

A Besayi anatuluka pamzere, ndipo ulendo uno panalibe chifukwa chowagwira. Anakaima pambali manja ali lende. Kapitawo atafunsa za otomera, ndinamva munthu akundikoka chovala kumbuyo.

"Alamu, mulibe mwana wamkazi?"

"Ndili ndi anyamata okhaokha, mukuwadziwa ndi mayina omwe."

"Ngakhale wobisika kumudzi kwina?"

"Mkazi wanga ali apo, a Besayi."

Anathamangira kwa woumba mbiya, amene anali ndi mwana wamkazi, koma mwanayo anali akuyamwa. Funso linadutsa.

Kenako kapitawo anafunsa funso lomaliza, mwamsangamsanga monga amachitira nthawi zonse, maso ali kale kunjira. Tonse tinayang'ana zala za kumapazi.

"Ine."

Tinadzutsa mitu. Alamu anga anali atabwerera pakati pa dwale, chipewa chachikopa chili m'manja.

"A Besayi, inu mwamasulidwa kale," anatero kapitawo.

"Ndikudziwa. Koma mwafunsa ngati alipo wamantha, ndiye ndikuyankha. Ndine. Ndakhala wamantha chiyambire." Mawu awo ankamveka mpaka kwa akazi a mitsuko. "Ndimaopa mkondo. Uwo ali nawo mwanayu ndimaupukuta nditayang'ana kumbali. Ndimaopa mivi, ndimaopa akavalo, ndimaopa lipenga lanulo. Mkazi wanga sanandikakamizepo kubzala kanthu. Phiri lonse ilo ndabzala ndi mantha, ndipo mphesa sindidya n'komwe."

Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kusiya msanga. Ndinayang'ana Asareli, ndipo nkhope yake sindidzaiiwala. Anali ngati mwana amene wabwera kunyumba n'kupeza anthu asamuka.

"Bambo, mukudwala. Khalani pansi."

"Mwanayu ndi magazi anga, akapitawo. Mantha ali nawo, kungoti sanaphuke. Akaphukira komweko pakati pa anzake, ndipo zikakhala zoipa. M'bwezeni."

"Ine sindiopa kanthu," anatero Asareli mano atawaluma.

"Mnyamata wanena yekha," anatero kapitawo. "Munthu sangaopere mnzake. Pitani kwanu, a Besayi."

Alamu anga sanapite kwawo. Anayenda mpaka pamene panaima mwana wawo, anakhala pansi m'fumbi, n'kukumbatira mwendo wake ndi manja awiri. Manja amenewo anali atazula miyala zaka makumi awiri ndi zisanu. Asareli anayesa kukoka mwendo, osatheka. Paliti anathandizako, osatheka. Ndiye a Besayi, ali chikumbatire, anayamba kulankhula ndi mzere wonse.

"Anyamata inu, taonani khutu la alamu angawa. Alamu, tembenukani aone bwino. Khutu limeneli linali ndi mwini wake, linkamva nyimbo, lero lili ku Edomu, mwina khwangwala anadya kalekale. Ndipo iwowa ndi amwayi. Anandiuza okha kuti kumeneko munthu wamkulu wa ndevu amaitana mayi ake, m'mimba atagwira ndi manja kuti za m'kati zisatuluke. Anandiuza kuti muvi suyamba wafunsa dzina. Alamu, ndikunama?"

Sankanama. Zinthu zimenezo ndinawauza kale nditaledzera ndi vinyo wawo yemwe, ndipo sindinadziwe kuti anazisunga. Ndinangoyang'ana kumwamba.

"Tsekani pakamwa," anatero kapitawo.

"Ndipo akavalo awo akuti amaluma," anapitiriza a Besayi.

Mnyamata wina wa kumapeto kwa mzere anaika chishango pansi bwinobwino n'kunena kuti wakumbukira kuti nayenso mtima sukumuyenda bwino. Wachiwiri anamutsatira. Kenako chimunthu china chosula zitsulo, chimene tonse tinkachidalira, chinatuluka chikupukuta maso. Kapitawo anaona kuti akazengereza atsala ndi wansembe yekha.

"Chotsani munthu uyu pano!"

Amuna anayi anawakoka, koma kukoka a Besayi kunali kukoka Asareli yemwe, ndipo awiriwo ankangokhwekhwerezeka limodzi padwale ngati mtolo wa balere.

"Miyendo yafa," anatero alamu anga. "Sindingayende. Andinyamule mwana wanga."

Kapitawo anapukuta nkhope ndi dzanja. Anayang'ana mzere wake umene unkachepa, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Nyamula bambo ako upite nawo kunyumba. Ukafika ukhale komweko. Ukabwerera, awanso abwerera."

"Ndibwereradi," anatero a Besayi. "Mpaka ku Edomu ndidzamutsatira, ndikulankhula njira yonse."

Asareli anaponya mkondo uja pansi. Anawanyamula bambo ake kumsana, n'kudutsa nawo pakati pa akazi a mitsuko, misozi ya ukali ikutsika m'masaya. Azuba anawatsatira pambuyo atatola chipewa chachikopa. Ife otsala tinanyamuka kulowera kummwera, ndipo mpaka tinafika pamtsinje palibe amene anaimba.

Zimene zinachitika m'mudzi ndili kunkhondo anandifotokozera ndi Azuba. Mnyamatayo anawatsitsa bambo ake pakhomo n'kukagona kunsanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawalankhule. Akafuna chikwakwa ankauza mayi ake kuti auze amuna awo. Bambo ake akamugwira paphewa ankasasa dzanjalo ngati ntchentche. Ana a m'mudzi anayamba masewera atsopano, wina kukhala pansi n'kugwira mwendo wa mnzake akukuwa kuti akavalo amaluma. Kuchitsime akazi ankati a Besayi akamadutsa n'kugwetsa dala mtsuko wopanda kanthu kuti awaone akudumpha, ndipo ankadumphadi. Pachipata, pamene akuluakulu amakhala, malo awo anakhalapo wina. Iwo sanadandaule kwa aliyense. Ankadzuka m'mawa, n'kukaona ngati mwana wawo akadali kunsanja, kenako n'kupita kukatsirira timitengo ta pathanthwe.

Azuba akuti anawafunsa tsiku lina ngati zonsezi sizikuwapweteka.

"Zikupweteka," anayankha. "Wadya?"

"Ndani?"

"Mwanayo."

Ife tinabwerako nthawi yokolola mphesa. Nkhondoyo tinapambana, anatero amene amadziwa kuwerenga zimenezi. Ine ndinabwera ndi khutu langa lotsalalo, komanso ndi katundu amene sindinkafuna kunyamula. Kapitawo anandipatsa mkanjo wa mpendero wofiira kuti ndikapereke kwa mayi a Paliti. Ndinaupinda bwino kuti pong'ambikapo pasaoneke, koma mpendero sunabisike.

Njira ya kwa woumba mbiya imadutsa pamopondera mphesa pa a Besayi. Ndinawapeza iwo ndi mwana wawo ali m'kati, madzi a mphesa akufika m'akakolo, akuponda atafulatirana. Panalibe nyimbo, panalibe woseka, kunkangomveka mapazi. Anayamba kundiona ndi alamu anga, ndipo anakweza dzanja kuti andilonjere. Kenako anaona chimene chinali m'khwapa mwanga, dzanja lija linatsika.

Asareli anatembenuka. Anayang'ana mpendero uja nthawi yaitali.

"Amalume, iye ali m'mbuyo?"

Ndinapukusa mutu.

"Anaima pati?"

"Kutsogolo, ndi anyamata a gulaye. Pamene ukadaima iwe."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinawonjezera mawu omalizawo. Mwina ndinali nditatopa. Mnyamatayo anaima chilili m'mphesa zija. A Besayi anangosendera pafupi n'kumugwira pamkono, mwamphamvu moti zala zawo zinalowa m'mnofu. Ndinadikira kuti alisase dzanjalo, koma sanatero.

"Bambo," anatero patapita nthawi, mawu ali pansipansi, "mukundipweteka."

"Ndikudziwa," anayankha alamu anga, ndipo sanamusiye.